Joe Burrow: zaka zitatu pa benchi, kenako sizoni yomwe inagwedeza mpira wa m'makoleji ku America

Mu 2018 Joe Burrow, quarterback (wosewera amene amaponyera anzake mpira) pa mpira wa ku America, anaponya mipira 16 yomwe inathera mu touchdown, chigoli cha masewerawa, akusewerera Louisiana State University, sukulu yomwe aliyense amangoitchula kuti LSU. Mu 2019 anaponya 60. Munthu ndi yemweyo, mkono womwewo, kochi wamkulu yemweyo, ndipo anyamata awiri omwe anatchuka powakha mipira yake analipo kale chaka choyambacho. Ena amathamangira kunena kuti mnyamatayo anangodzuka tsiku lina ali katswiri. Sizinali choncho ayi. Quarterback amaumbidwa ndi zinthu zomwe owonera saziona: kuchuluka kwa mipata yoyeserera imene amapatsidwa, malamulo a masewero a m'sukulu, ndi kaseweredwe komwe makochi amusankhira. Njira imene Burrow anadutsa kuchokera ku sekondale mpaka kumaliza koleji imaonetsa zitatu zonsezi poyera.

Ntchito ya quarterback

Bwalo la mpira wa ku America ndi lotalika mayadi 100, omwe ndi mamita 91 ndi kanthu, ndipo kumapeto konse kuli chigawo cha mayadi 10 chogoletsera. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthire kutsogolo mayadi 10. Ikakwanitsa imapatsidwa ina inayi, ikalephera mpira umapita kwa adani. Kufikitsa mpira m'chigawo chogoletsera ndiye touchdown, ndipo imapatsa mapointi 6.

Mpata uliwonse umayamba wosewera wapakati pa mzere akapereka mpira kwa quarterback kudzera pakati pa miyendo yake. Kutsogolo kwa quarterback kumakhala zimphona zisanu zomutchingira, zomwe siziloledwa kuwakha mpira. Asanu otsalawo ndiwo angawakhe. Kuponyera kutsogolo n'kololedwa kamodzi kokha pa mpata, ndipo woponyayo ayenera kukhala kumbuyo kwa mzere womwe mpira unayambira. Nthawi zambiri amakhala ndi masekondi awiri ndi theka kapena atatu basi a difensi asanamugwere.

Koma chomwe chimalamulira moyo wonse wa quarterback ndi ichi: malo ake ndi amodzi, ngati a goloboyi. Owakha mipira amalowa atatu kapena anayi nthawi imodzi ndipo amasinthana. Quarterback wachiwiri angathe kukhala waluso kwambiri koma osalowa m'bwalo sizoni yonse. Choipa china n'chakuti sizoni ikayamba, pafupifupi mipata yonse yoyeserera ndi timu yoyamba imapita kwa amene akusewerayo. Wachiwiri amabwerera m'mbuyo osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa ntchito yake yasanduka kuonerera.

Ku Athens

Burrow anabadwa pa 10 Disembala 1996 ku Ames m'chigawo cha Iowa. Bambo ake, Jim Burrow, anasewera ku Nebraska ndi mu ligi ya ku Canada, kenako anakhala kochi wa difensi. Mu 2005 anapeza ntchito yoyang'anira difensi ku Ohio University, banja n'kusamukira kudera la Athens kum'mwera chakum'mawa kwa Ohio. Mfundo imeneyi si yongodutsa. Mwana wokulira m'nyumba ya kochi wa difensi amaphunzira msanga zomwe a mbali inayo akubisa, ndipo zimenezi zinadzamudyetsa patsogolo kuposa mphamvu ya mkono.

Sekondale ku America ndi ya zaka zinayi, kuyambira giredi 9 mpaka 12. Magemu amaseweredwa Lachisanu madzulo, 10 pa sizoni, kenako ndime zochotsana kwa omwe achita bwino. Ku Ohio masukulu amaikidwa m'magulu potengera chiwerengero cha ophunzira, ndipo Athens High School inali mu Division III. Burrow anakhala quarterback woyamba mu 2012 ali m'chaka chachiwiri. Sukuluyo inali isanapambanepo gemu ya ndime zochotsana m'mbiri yake yonse. M'zaka zitatu za Burrow inapambana asanu ndi awiri. Mu 2014 anaponya mayadi 4,445 ndi ma touchdown 63, adani n'kumuwakhira mipira iwiri yokha. Timu inapambana magemu 14 motsatizana n'kukagonja pa fainolo ya chigawo chonse, 56 kwa 52, ndi Toledo Central Catholic, ngakhale iye anaponya ma touchdown 6 tsiku limenelo. Anamaliza sekondale ndi mayadi 11,416 ndi ma touchdown 157 oponya, analandira mphoto ya Mr. Football ya Ohio, komanso anasankhidwa pakati pa osewera basketball opambana m'chigawocho.

Manambala otere bwenzi makoleji onse akuluakulu akumulimbirana, koma sizinatero. Osaka osewera sakhulupirira kwambiri manambala a ku sekondale chifukwa adani amasiyana mphamvu. Touchdown yogoletsa pakati pa ana a m'masukulu aang'ono a kumidzi ya Ohio saiyesa yofanana ndi ya ku Texas kapena California. Iwo amayang'ana kanema wa magemu, msinkhu, liwiro la mpira ukachoka m'dzanja, ndi momwe mnyamata wachitira pa misasa yomwe makoleji amakonza nthawi ya tchuthi. Makampani monga 247Sports, Rivals ndi ESPN amapereka nyenyezi, zisanu ndiye pamwamba. Burrow anapatsidwa zinayi. Nebraska, komwe bambo ake ndi azichimwene ake awiri anasewera, sinamuitane n'komwe.

Amene anamukhulupirira anali Tom Herman, kochi woyang'anira zogoletsa ku Ohio State, ndipo Burrow analonjeza kupita kumeneko mu Meyi 2014. Lonjezo la pakamwa lotere silimanga aliyense mpaka mnyamata atasaina kalata, zomwe nthawi imeneyo zinkachitika mu Febuluwale. Apa ndi pomwe vuto lodziwika bwino linamugwera. Mu Disembala 2014 Herman anapatsidwa ntchito ya ukochi wamkulu ku Houston. Burrow anafika ku Columbus, kwawo kwa Ohio State, munthu amene anamusankha atachoka kale. Anyamata ambiri amasankha sukulu potsata kochi mmodzi, osadziwa kuti makochi othandizira sakhalitsa pamalo.

Ku Ohio State

Anapeza timu yomwe inali itangotenga chikho cha dziko lonse mu Januwale 2015, pansi pa kochi Urban Meyer, ndipo inali ndi ma quarterback atatu odziwika: Braxton Miller, J.T. Barrett ndi Cardale Jones. Mpata panalibe. Lamulo la NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, linkapatsa wosewera zaka zisanu kuti aseweremo masizoni anayi. Chaka chomwe wosewera amayeserera ndi timu koma osalowa mu gemu chimatchedwa redshirt, ndipo sichichotsedwa pa anayi aja. Pa nthawiyo kungolowa mpata umodzi wokha kunali kokwanira kuwononga chaka chonse. Lamulo lolola kusewera magemu anayi osataya chakacho linabwera mu 2018. Burrow anakhala redshirt mu 2015. Wosewera wotere nthawi zambiri amapatsidwa ntchito yotsanzira quarterback wa adani a sabata imeneyo kuti difensi yoyamba iyesererepo. Amaphunzira kuponya pakati pa osewera othamanga kwambiri, koma akusewera dongosolo la eni ake, osati la timu yake.

Madandaulo a makochi pa iye anali amodzi: mpira wake unalibe ukali wokwanira. Chifukwa chomwe zimenezi zimawadetsa nkhawa chimaoneka mukawerenga mayadi. Bwalo ndi lotambalala mayadi 53 ndi kanthu. Ku koleji mpira umaikidwa pa umodzi wa mizere iwiri yomwe ili mayadi 20 kuchokera m'mbali. Ukakhala pa mzere wakumanzere ndipo wowakha akuthamanga mayadi 15 kutsogolo n'kukhotera kumalire akumanja, m'mbali muli mayadi 33, ndipo quarterback wabwerera m'mbuyo mayadi 7. Mpira uyenda pafupifupi mayadi 40 m'malere kuti timu ipindule 15 okha. Ukapita mokwera ngati uta, wa difensi amaupeza nthawi yodumphira kutsogolo kwa wowakha, ndipo kumbuyo kwake kulibenso womugwira.

Mphamvu ya mpira sichokera m'mkono monga ambiri amaganizira. Imayambira pa phazi lakumbuyo lomwe limakankha nthaka. Phazi lakutsogolo limaponda pafupi, masentimita 15 kapena kuposerapo pang'ono, molunjika komwe mpira ukupita. Chiuno chimatembenuka choyamba mapewa akadali otseka, kenako mapewa amatsatira, chigongono chili pa msinkhu wa phewa kapena pamwamba pang'ono, ndipo chala cholozera ndicho chimasiya mpira pomaliza kuti uzizungulira. Zolakwika zake zimadziwika. Kuponda patali kumatsitsa thupi ndipo mpira umauluka pamwamba pa wowakha. Kutsegula phewa lakutsogolo msanga kumataya mphamvu ya m'chiuno, mpira n'kumasochera cham'mbali. Kugwetsa chigongono kumapangitsa kuti zimphona za difensi ziziumenya ndi manja pa mzere. Burrow anagwirapo ntchito pa zimenezi ndipo mpira wake unalimba, koma sanakhale woponya mwamphamvu kuposa anzake. Chomwe anakulitsa ndi kuponya msanga, wowakha asanakhote, mpira n'kukakumana naye pamalo. Woponya motero amabweza nthawi yomwe mkono wake ukanataya.

Mu 2016 anali wachiwiri kwa Barrett ndipo ankalowa gemu ikatha kale ntchito. Mu Ogasiti 2017 anathyoka fupa la dzanja lamanja, loponyera, pokonzekera sizoni. Masabata omwe anali kuchira, Dwayne Haskins anatenga malo achiwiri. Mu Novembala, pa gemu yaikulu ndi Michigan, Barrett anavulala bondo, Haskins analowa timu ili kumbuyo n'kuithandiza kupambana 31 kwa 20. Kuvulala kwa mwezi umodzi kunasintha mzere wonse. M'zaka zitatu ku Ohio State, Burrow anaponya mipira 39 yokha pa gemu, 29 inawakhidwa, mayadi 287 ndi ma touchdown awiri.

Makoleji amaloledwa masiku 15 oyeserera m'miyezi ya Malichi ndi Epulo. Mu 2018 Burrow ndi Haskins analimbirana malo oyamba m'masiku amenewo, Meyer osamutsimikizira Burrow kuti malowo ndi ake. Ambiri lero amanyoza Ohio State kuti inataya golide, koma chiweruzo chimenecho n'chosalungama. Haskins anaponya ma touchdown 50 ndi mayadi 4,831 mu 2018. Sukuluyo inali ndi anthu awiri oyenera pa mpando umodzi.

Chimene chinamupulumutsa Burrow ndi kalasi. Nthawi imeneyo wosewera akasamukira ku koleji ina yaikulu ankakhala chaka chathunthu osasewera, pokhapokha ngati wamaliza digiri. Burrow anali atamaliza digiri yake ya zachuma cha mabanja m'zaka zitatu, zomwe zimatheka chifukwa osewera amakhala pa sukulu ngakhale pa tchuthi chachikulu n'kumatenga maphunziro owonjezera. Anali ndi ufulu wosewera pompopompo, ndipo anatsala ndi masizoni awiri, osati imodzi monga ambiri osamuka motere. Akanakhala ndi imodzi yokha, bwenzi lero tikumukumbukira ndi ma touchdown 16 aja basi. Anayendera Cincinnati ndi LSU, ndipo mu Meyi 2018 anasankha LSU ya ku Baton Rouge, ya kochi Ed Orgeron.

Chaka choyamba ku Baton Rouge

Anafika masiku oyeserera a Malichi ndi Epulo atadutsa. Anali ndi miyezi itatu yoti aphunzire buku latsopano la kaseweredwe ndi anthu omwe sanawaponyerepo mpira. Anapambana malo oyamba mu Ogasiti, ma quarterback awiri omwe anawapeza n'kusamuka.

LSU ya 2018 inkasewera mwachikale. Kawirikawiri quarterback ankaima pafupi penipeni ndi wopereka mpira, n'kubwerera chambuyo, nthawi zina atafulatira difensi ponamizira kupatsa mpira wothamanga nawo. Poopa kuti agwetsedwa, makochi ankasiya anthu 6 kapena 7 omutchingira. Zimamveka zanzeru, koma werengani. Otchingira akakhala 7, owakha atsala atatu. A difensi akatumiza anayi kukagwetsa quarterback, kumbuyo kwatsala 7 olondera atatu aja. Palibe amene amamasuka, quarterback amagwira mpira nthawi yaitali, ndipo pamapeto pake amagwetsedwabe. Kwa munthu amene chuma chake ndi maso ndi kuganiza msanga, dongosolo limeneli linkamumanga manja.

Anamaliza sizoni ndi mayadi 2,894, ndipo mwa mipira 100 iliyonse, pafupifupi 58 ndiyo inkawakhidwa. Timu inapambana magemu 10 n'kugonja atatu: inagonjetsa Auburn 22 kwa 21 ndi Georgia 36 kwa 16, koma Alabama inaithira 29 kwa 0 pabwalo la LSU pomwe. Amene anayang'anitsitsa anaona kanthu kumapeto. Pa magemu 9 oyamba anaponya ma touchdown 6, pa anayi omaliza anaponya 10. Imodzi mwa anayiwo ndi ija anagonja 74 kwa 72 ndi Texas A&M ataonjezera nthawi kasanu ndi kawiri. Pa gemu yotsekera sizoni ya Fiesta Bowl, pa 1 Januwale 2019, University of Central Florida (UCF) inamuwakhira mpira n'kuthamanga nawo mpaka kugoletsa, iye akuthamangitsa n'kugundidwa koopsa ndi munthu amene sanamuone. Anadzuka, anaponya mayadi 394 ndi ma touchdown anayi, LSU n'kupambana 40 kwa 32 ndi kuthetsa magemu 25 omwe UCF inapambana motsatizana.

Zomwe zinasintha mu 2019

Orgeron anatenga Joe Brady, mnyamata wa zaka 29 yemwe anali wothandizira ku New Orleans Saints mu NFL, ligi yaikulu ya akatswiri a mpirawu, kuti akonze dongosolo loponya pamodzi ndi Steve Ensminger, yemwe anapitiriza kukhala woyang'anira zogoletsa. Anachita zosemphana ndi za chaka chatha. Quarterback anayamba kuima mayadi asanu kumbuyo, kaimidwe kotchedwa shotgun, maso ali pa difensi nthawi yonse. Otchingira anatsala asanu okha, ndipo asanu onse ololedwa kuwakha ankatuluka. Nthawi zina ngakhale wothamanga ndi mpira, Clyde Edwards-Helaire, ankakaima kumalire ngati wowakha, Burrow n'kutsala yekha kumbuyo.

Dongosolo limeneli limaika katundu yense pa mutu wa quarterback. A difensi akatumiza anthu 6, zomwe zimatchedwa blitz, otchingira asanu sangawagwire onse. Mmodzi amabwera wopanda womuletsa, ndipo ameneyo ndi wa quarterback: ayenera kumudziwa mpira usanayambe n'kuponya pamalo pomwe iye wachokapo. Quarterback wosaona msanga amavulala m'dongosolo lotere.

Kuwerenga kumayamba mpira usanaperekedwe. Choyamba amayang'ana ma safety, omwe amaima kumbuyo kwenikweni kwa difensi. Akakhala awiri, pakati pa bwalo pamakhala potseguka ndipo pafupi ndi mzere pali anthu ochepa, kotero kuthamanga ndi mpira kumapindula. Akakhala mmodzi, owakha akumalire nthawi zambiri amakhala ndi mlonda mmodzi aliyense, ndipo ndi nthawi yoponya patali. Chachiwiri amafuna kudziwa ngati a difensi akulondera munthu kapena malo. Apa ndi pomwe kutulutsa Edwards-Helaire kunkagwira ntchito. Linebacker, wa difensi amene amaima pakati kumbuyo kwa mzere, akamutsatira mpaka kumalire, ndiye kuti aliyense ali ndi munthu wake. Akapanda kumutsatira, ndiye kuti akulondera malo. A difensi anzeru amanamiza, amaonetsa ma safety awiri kenako mmodzi n'kutsika mpira ukangoyamba, choncho quarterback amatsimikizanso m'masitepe ake awiri oyamba. Akatero amatsata mndandanda wa owakha, woyamba, wachiwiri, wachitatu, mapazi akusuntha limodzi ndi maso. Maso akapita kwa wachitatu mapazi akadalozabe kwa woyamba, mpira umapita pena.

Makochi aja anawonjezeranso mipata yomwe otchingira amakankha ngati timu ikuthamanga ndi mpira, quarterback akuyang'ana munthu mmodzi wa difensi. Akathamangira kutsogolo, mpira umaponyedwa kumbuyo kwake. Akaima, umaperekedwa kwa wothamanga. Ku koleji izi zimayenda bwino kuposa mu NFL chifukwa otchingira amaloledwa kupitirira mzere ndi mayadi atatu mpira usanaponyedwe, pomwe mu NFL ndi yadi imodzi.

Mbali yovuta kwambiri inali njira zomwe wowakha amasankha yekha kokhotera potengera momwe mlonda wake waimira. Justin Jefferson anasamutsidwa kuchoka kumalire n'kuikidwa mkati kuti azichita zimenezi. Quarterback ndi wowakha akawerenga mosiyana, wina kukhotera mkati mpira n'kupita kunja, umagwera m'manja mwa adani. Mankhwala ake ndi kubwereza basi. Lamulo limaletsa makochi kugwiritsa osewera ntchito maola oposa 20 pa sabata mkati mwa sizoni, ndipo pa tchuthi malire ake ndi okhwima kuposa apo, koma zomwe osewera achita okha mwa kufuna kwawo siziwerengedwa. Pa tchuthi cha 2019 owakha a LSU anadziikira cholinga chowakha mipira 10,000 aliyense, ndipo Burrow ankakumana nawo popanda makochi. Iye ankachita digiri yachiwiri kudzera pa intaneti, zomwe zinamupatsa nthawi yokhala tsiku lonse akuonera makanema a adani. Chinali chaka chake choyamba chiyambire koleji kulowa m'nyengo yokonzekera akudziwa kuti mipata yonse ya timu yoyamba ndi yake.

Zipatso zinaoneka pa gemu yachiwiri, pa 7 Sepitembala ku Texas. LSU inkatsogola 37 kwa 31, kutatsala mphindi ziwiri ndi theka, pa mpata wachitatu ikufunika mayadi 17. LSU yakale ikanathamanga ndi mpira kuti idye nthawi. Iyi inaponya. Texas inatumiza blitz, Burrow analowera kutsogolo pakati pa omugwera, manja onse awiri pa mpira, maso osatsika, n'kupeza Jefferson akudutsa pakati. Inali touchdown ya mayadi 61, ndipo gemu inatha 45 kwa 38. Chizolowezi cha quarterback wosakhwima n'kuthawira chambuyo kapena kuyang'ana amene akubwera kudzamugunda. Zonse ziwiri zimapha mpata.

Yomwe inawavutitsa kwambiri inali Auburn, imene inaika anthu atatu okha pa mzere, linebacker mmodzi, ndi othamanga 7 kumbuyo. Mipata yoponya inachepa, LSU inatembenukira kwa Edwards-Helaire n'kupambana movutikira 23 kwa 20. Pa 9 Novembala ku Tuscaloosa, kwawo kwa Alabama, Burrow anaponya mipira 39, 31 inawakhidwa, mayadi 393, ndipo LSU inagonjetsa Alabama 46 kwa 41 itagonja nayo kasanu ndi katatu motsatizana. Georgia inagwa 37 kwa 10 pa fainolo ya SEC, ligi ya makoleji yomwe LSU imaseweramo. Pa semifainolo ya chikho cha dziko lonse ndi Oklahoma anaponya ma touchdown 7 m'chigawo choyamba chokha, gemu n'kutha 63 kwa 28.

Fainolo inali pa 13 Januwale 2020 ku New Orleans, ndi Clemson yomwe inali itapambana magemu 29 motsatizana. Clemson inadzaza kumbuyo ndi othamanga monga inachitira Auburn, n'kumabisa komwe blitz ichokere. LSU inayamba mogwira njakata ndipo inatsalira 17 kwa 7. Burrow ataona kuti Ja'Marr Chase akusiyidwa ndi mlonda mmodzi kumalire, anayamba kumuponyera patali, ndipo difensi ikabwerera m'mbuyo ankathamanga yekha pakati. Pofika pa kupuma LSU inkatsogola 28 kwa 17, ndipo inapambana 42 kwa 25. Chase anawakha mipira 9 ya mayadi 221. Burrow anaponya mayadi 463 ndi ma touchdown asanu, n'kugoletsa ina yothamanga yekha.

Sizoni yonse anaponya mipira 527, yowakhidwa 402, kutanthauza 76.3 pa 100 iliyonse, mayadi 5,671, ndipo adani anamuwakhira 6 yokha. Ma touchdown ake 60 anaposa 58 omwe Colt Brennan wa ku Hawaii anaponya mu 2006. LSU inapambana magemu onse 15, asanu ndi awiri mwa iwo ndi matimu omwe anali pa 10 apamwamba.

Funso loti zinali zake kapena za anzake ndi loyenera kufunsa. Osewera 14 a timu imeneyo anatengedwa ndi NFL mu 2020, asanu m'ndime yoyamba yosankha osewera, ndipo Chase ndi Jefferson ali m'gulu la owakha opambana mu ligi imeneyo. Palibe angakane kuti anali ndi zida. Koma Jefferson mu 2018 anawakha mipira 54, mu 2019 anawakha 111. Chase anachoka pa 23 kufika pa 84. Onse anakwera limodzi, chifukwa dongosolo lotulutsa asanu limafuna owakha opambana mlonda mmodzi komanso quarterback wodziwa msanga kuti wapambana ndi uti. Chimodzi chikasowa, linalo silithandiza.

Pa 14 Disembala 2019 analandira Heisman Trophy, mphoto ya wosewera wopambana m'makoleji onse, ndi mavoti 841 a malo oyamba komanso kusiyana kwakukulu kuposa wina aliyense m'mbuyomo. Anali woyamba wa LSU kuilandira chichokereni Billy Cannon mu 1959. Polankhula anakumbutsa dziko za umphawi wa kudera la Athens ndi ana omwe amabwerera kunyumba kopanda chakudya chokwanira. M'masabata ochepa anthu anasonkha pafupifupi theka la miliyoni ya madola kupita ku nkhokwe yogawa chakudya ya m'deralo. Iye mwini, malinga ndi malamulo a nthawiyo, sankaloledwa kupeza ndalama ndi dzina lake. Chilolezo chimenecho chinabwera mu Julaye 2021.

Anali wachitatu motsatizana kutenga Heisman atasamuka sukulu, pambuyo pa Baker Mayfield mu 2017 ndi Kyler Murray mu 2018, ndipo awiri mwa omwe anapikisana naye, Jalen Hurts ndi Justin Fields, analinso osamuka. Mu 2021 NCAA inachotsa chilango chokhala chaka osasewera kwa wosamuka koyamba. Quarterback wa lero sadikiranso zaka zitatu kapena digiri. Ufuluwo ndi wabwino, koma uli ndi msampha wake: wosamuka chaka chilichonse amakhala nthawi zonse m'chaka choyamba cha dongosolo latsopano, chomwe kwa Burrow chinali cha 58 pa 100.

Osaka osewera a NFL anali ndi nkhawa zawo. Anali ndi zaka 23, wamkulu kuposa ma quarterback ena omwe anali kale mu ligi. Anali ndi sizoni imodzi yokha yapamwamba. Dzanja lake litayezedwa kuchokera ku chala chachikulu kufika ku chaching'ono linapezeka la mainchesi 9, pafupifupi masentimita 23, lomwe ena amaliona laling'ono pogwira mpira wonyowa kapena wozizira. Cincinnati Bengals, yomwe inapambana magemu awiri okha mu 2019 ndipo inali ndi mwayi wosankha koyamba, inamutenga pa nambala 1 pa 23 Epulo 2020. Chaka chotsatira inagwiritsa ntchito nambala 5 kutenga Chase.